Akandigonetsa ku fiyeta ndidzukanso? Yankho kwa mayi amene akudikira opareshoni

Uthenga uwu wandipeza sabata ino, ndaudula pang'ono koma mawu ndi awo omwe:

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 43, andipeza ndi zotupa m'chiberekero ndipo akuti pa opareshoni yake adzandigonetsa thupi lonse. Chimvereni zimenezi tulo sindikutiona. Azakhali anga analowa ku fiyeta kalekale osatulukanso amoyo, akuti mankhwala ogonetsa anawachulukira. Bambo anganso atawapanga opareshoni ya fupa la m'chiuno ali ndi zaka 76 anatha masiku atatu asakutizindikira, akuzula dilipi, akuyankhula zosamveka. Nde ndikufunsa, mankhwala amenewa amatani kwenikweni m'thupi? Munthu ungadzuke mpeni uli mkati? Amatsalira m'magazi? Ena akuti ukatero umayamba kuiwalaiwala, ena akuti umaulula zinsinsi zako zonse. Ndili ndi BP ndimamwa mapilitsi m'mawa uliwonse, ndine wonenepa ndithu, ndipo amuna anga amadandaula kuti ndimaliza mkonono kwambiri."

Mayi, choyamba pepani za azakhali anu, komanso mwachita bwino kufunsa panopa nthawi ikadalipo, ambiri amawasunga mantha amenewa mumtima mpaka tsiku lomwelo kenako nkudzandigwira dzanja pakhomo la fiyeta akunjenjemera, nthawi yofotokozerana bwinobwino itatha kale. Ntchito yanga ndi yomweyi yogonetsa anthu, ndaima kumutu kwa bedi la opareshoni zaka zambiri ndithu, ndipo ndinazindikira kalekale kuti anthu saopa mpeni kwenikweni, amaopa ine ndi jakisoni wanga. Nde mtima m'malo kaye. Kwa munthu wa msinkhu wanu, woyenda yekha, amene opareshoni yake ndi yochita kukonzekera osati yadzidzidzi, chiopsezo choti amwalire chifukwa cha mankhwala ogonetsa okha ndi chaching'ono kwambiri, kumene kuli zipangizo zokwanira ndi anthu oidziwa ntchito ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100,000. Sindikunamizani kuti kulikonse zili choncho ayi, kumene zipangizo zikuperewera kapena wodwala wafika atataya kale magazi ambiri chiwerengerocho chimakwera. Koma inu muli ndi nthawi yokonzekera, ndipo zinthu zitatu zimene mwangozitchula mongodutsa mu uthenga wanu, azakhali, BP ndi mkonono, ndi zimene ine ndikanafuna kumva koyambirira mukanakhala wodwala wanga.

Chisokonezo chimayambira pa mawu omwewa akuti kugonetsa. Tonse timawagwiritsa ntchito, inenso, chifukwa ndi ofewa kukhutu, koma zoona zake si tulo timeneti. Munthu ali m'tulo ukamutsina amadzuka, mkono ukachita dzanzi amatembenuka yekha, malovu akalowera kolakwika amatsokomola, kukazizira amakoka bulangete osadziwa nkomwe. Thupi limadzilondera lokha usiku wonse. Mankhwala athu amachotsa mlonda ameneyo. Chimene chimachitika chili pafupi ndi chikomokere, kungoti ndi chikomokere chopanga dala, choyezedwa, choti timatha kuchionjezera, kuchichepetsa ndi kuchithetsa. Nde ntchito zonse zija thupi limadzichitira lokha, kupuma, kusunga BP, kutseka njira ya kumapapo kuti zam'mimba zisalowemo, kudzifunditsa, zonsezo zimagwera munthu amene waima kumutu kwanu. Adokotala a mpeni amayang'ana pa bala, ife timayang'ana inuyo, ndipo wogonetsa sachoka pamalopo mpaka mutadzuka. Chinanso chosiyana ndi tulo nchakuti nthawi imangosowa. Ndakhala ndikufunsidwa kambirimbiri ndi munthu amene wangotsegula maso kuti "nde muyamba nthawi yanji?" pamene pamimba pake pali kale bandeji ndipo padutsa maola atatu.

Nkhani zoopsa zambiri zimene anthu amakamba zinachokera kale, ndipo kalelo zinalidi zoopsa. Pa 16 Okutobala 1846 ku Boston dokotala wa mano William Morton anaonetsa pagulu kuti munthu akapuma mankhwala otchedwa ether atha kuchekedwa osamva kanthu, chaka chotsatira James Simpson ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito ena otchedwa chloroform. Vuto linali loti mankhwala amodzi okha ndi amene ankasenza ntchito yonse, nde kuti minofu ya pamimba ifewe ankayenera kuthira ambiri mpaka mtima ndi mpweya kutsala pang'ono kuima. Zinasintha mu 1942 pamene Harold Griffith ku Montreal anayamba kupereka curare wofoola minofu payekha. Kuchokera pamenepo ntchitoyi tinaigawa patatu, ena okomola, ena opha ululu, ena ofoola minofu, aliwonse pang'onopang'ono. Nchifukwa chake mawu oti mankhwala anawachulukira masiku ano sakhala chifukwa chenicheni kawirikawiri, koma za azakhali ndibwererako.

Tsikulo zidzayenda chonchi. Adzakuikani dilipi pamkono, kachipangizo kokanikiza chala koyeza okosijeni m'magazi, lamba wa BP, ndi tomata titatu pachifuwa toonetsa kugunda kwa mtima. Kachipangizo ka pachala kaja musakapeputse, anakatulukira ndi injiniya wa ku Japan Takuo Aoyagi m'zaka za m'ma 1970, ndipo kasanabwere wogonetsa ankadziwa kuti mpweya wachepa poona milomo ikusintha mtundu, pamene zinthu zafika kale poipa. Kenako masiki kumaso, ndi okosijeni chabe, timafuna mapapo adzaze kwa maminiti atatu kapena kuposerapo. Ndiyeno jakisoni mu dilipi, kawirikawiri ndi propofol, woyera ngati mkaka, amawotcha pang'ono akamakwera mumtsempha nde musadabwe. Pasanathe miniti imodzi mwapita. Zimene amachita mu ubongo ndi kukoka mabuleki, ubongo uli ndi mankhwala akeake otchedwa GABA amene amatontholetsa maselo, propofol amangowaonjezera mphamvu mpaka zigawo za ubongo zimasiya kutumizirana uthenga. Makutu amalandirabe phokoso, mitsempha ya pakhungu imatumizabe nkhani, koma palibe woilandira ndi kuisunga. Mukapita timapereka ofoola minofu, timalowetsa chubu pakhosi mpaka mu kholingo, mashini nkumakupumirani, ndipo kuti musadzuke timakupumitsani gasi ngati sevoflurane, isoflurane kapena halothane, apo ayi propofol yemweyo amangopitirira kudontha ndi pampu.

Pali ena otchedwa ketamine, anapangidwa mu 1962, amene khalidwe lawo ndi lina. Sagwetsa BP ndipo nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha, nchifukwa chake ndi bwenzi lathu pa ngozi ndi kwa munthu amene wataya magazi. Koma munthu amatha kukhala maso ali tong'o ngati akukuona pamene kulibe, ndipo podzuka ena amalota zachilendo, kuona mitundu, kumva ngati akuyandama, ena kulira kapena kuimba kumene. Achibale akaona zimenezo amati mutu wasokonekera, pamene zimatha pa maola ochepa.

Tsopano zimene zimachitika m'thupi muli chigonere. Choyamba ndi mpweya, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pafupifupi mankhwala onse okomola amachepetsa kupuma kapena kukuimitsa kumene kwa kanthawi, lilime ndi minofu ya pakhosi zimalefuka nkugwera kumbuyo kutseka njira. Ku fiyeta imeneyi si ngozi, timaiyembekezera, chubu ndi mashini zili pompo. Kunja kwa fiyeta ndi imfa. Michael Jackson anamwalira pa 25 Juni 2009 ndi propofol yemweyu amene timapereka kwa anthu miyandamiyanda tsiku lililonse, anamupatsira kuchipinda kunyumba kuti apeze tulo, popanda zipangizo zoyenera ndi diso lomuyang'anira mosalekeza. Mankhwala anali omwewo, chimene chinasowa ndi mlonda uja. Nchimodzimodzi munthu amene wamwa mapilitsi ogonetsa ambiri nkuphatikiza mowa, kapena amene wathiridwa mankhwala m'chakumwa, chimene chimamupha kawirikawiri ndi kusiya kupuma kapena kutsamwa ndi masanzi ake. Mukadzapeza munthu wotero mugonekeni chammbali, musamumwetse kanthu, muthamangire naye kuchipatala, musati tulo timuthere yekha.

Chachiwiri BP imatsika chifukwa mitsempha ya magazi imatakasuka, nde timaikweza ndi madzi a mu dilipi kapena jakisoni. Thupi limazizira, mu ola loyamba lokha kutentha kumatha kutsika ndi digiri imodzi kapena kuposa pang'ono, nchifukwa chake ambiri amadzuka mano akugundana. Maso saphethira nde timawamata ndi kapulasitala kuti asaume. Munthu satembenuka nde timaika mapilo pa zigongono ndi zidendene kuti mitsempha isapanikizike. Tinthu ting'onoting'ono tomwe simudzationa nkomwe.

Koma pali chimodzi chimene sitingakuchitireni, ndipo apa ndikhalitsapo. M'mimba. Munthu akakomoka khomo la pakati pa mimba ndi mmero limalefuka, kutsokomola kulibe, nde ngati m'mimba muli chakudya chimakwera mwakachetechete nkutsikira m'mapapo limodzi ndi asidi wake, ndipo asidi ameneyo amawotcha mapapo. Dokotala wina wa azimayi ku New York, Curtis Mendelson, analemba za vutoli mu 1946 ataona amayi ogonetsedwa pobereka, mpaka lero limadziwika ndi dzina lake. Lamulo lodziwika ndi loti chakudya ndi mkaka musiye kutatsala maola 6, madzi oyera okha mutha kumwa mpaka kutatsala maola awiri, pokhapokha ngati akuuzani zina. Sindidzaiwala bambo wina wamkulu bwino, opareshoni yake inali yaing'ono yoti madzulo akanakhala akucheza ndi anzake mu wodi. Nesi anamufunsa, ine ndinamufunsa kawiri, iye "ayi sindinalawe kanthu chiyambire dzulo". Nditangomaliza kukankha jakisoni ndinaona zinthu zikutuluka m'mphepete mwa masiki. Tinamupendeketsa, tinayamwa ndi mashini msangamsanga, koma zina zinali zitalowa kale, anakakhala ku ICU masiku angapo ndi chibayo choopsa. Mkazi wake anadzaulula akulira kuti anamumvera chisoni m'bandakucha nkumupatsa pang'ono kuti apeze mphamvu, ndipo bamboyo anabisa poopa kuti tiimitsa opareshoni. Inde tikanaimitsa, tikanamupanga masana ake kapena mawa lake basi. Nde mayi mukadzaiwala nkudya, kanene. Palibe adzakumenyeni.

Za kudzuka, ambiri amaganiza kuti pali jakisoni wodzutsira amene akapanda kugwira ntchito ndiye kwatha. Si choncho. Timangotseka gasi, inu nkumautulutsa popuma, umachoka kudzera m'mapapo momwe unalowera. Propofol amachoka mu ubongo pa maminiti ochepa, chiwindi chimamuphwanya, impso nkutaya zotsalazo mu mkodzo. Amene timachita kuwathetsa ndi mankhwala ena ndi ofoola minofu aja, ndi neostigmine kapena sugammadex. Ambiri amatsegula maso pa maminiti 10 mpaka 20 titatseka, chubu timachotsa mutayamba kupuma ndi kumeza nokha, ndipo nthawi zambiri simukumbukira nkomwe kuti munali nacho. Zoti mankhwala amakhala m'magazi miyezi kapena zaka, kapena kuti kugonetsedwa kulikonse kumadula zaka za moyo, zimenezo ndi nkhambakamwa. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri zotsala zake sizikhalanso ndi mphamvu. Kufooka kwa masabata kumene anthu amanamizira mankhwala kumachokera ku bala limene thupi likulimbana nalo, magazi amene anatayika, kusadya bwino, kusowa tulo mu wodi ndi mapilitsi opha ululu.

Kudzuka mpeni uli mkati, zimachitika, sindikana, koma ndi zapatalipatali. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku UK ndi Ireland nkutuluka mu 2014 anapeza kuti amene anabwera okha kudzanena kuti anazindikira kanthu anali pafupifupi mmodzi pa 19,000. Akachita kuwafunsa odwala mmodzimmodzi chiwerengero chimakwera kufika mmodzi kapena awiri pa 1,000, koma ambiri mwa amenewo amakumbukira mawu kapena kukokedwa kwa kanthawi kochepa, poyambira kapena pothera, osati ululu wa opareshoni yonse. Zimakonda kuchitika pamene tachepetsa dala mankhwala kuti tipulumutse moyo, monga pa siza yadzidzidzi, opareshoni ya mtima, kapena munthu amene BP yake yagweratu. Yanuyi sili m'gulu limenelo. Mashini amationetsa kuchuluka kwa gasi amene mukutulutsa pa mpweya uliwonse, ndipo thupi limatiuza lokha, mtima umathamanga, BP imakwera, thukuta, misozi. Ngati mutadzakumbukira kanthu mukanene kwa wogonetsa, musalole wina akuuzeni kuti munalota chabe, chifukwa chinthu chimenechi chikasungidwa mumtima chimasautsa munthu zaka.

Za zinsinsi ndaseka pang'ono, pepani. Muli ndi chubu pakati pa zingwe za mawu mungayankhule bwanji? Podzuka ndi pamene ena amabwebweta ngati aledzera, koma zimene ndamva zaka zonsezi ndi kuitana amayi awo, kufunsa madzi, kundiuza kuti ndine munthu wabwino kwambiri, ndi kufunsa ngati tayamba. Sindinamvepo munthu akuulula kumene anabisa ndalama.

Zimene muyenera kuziyembekezera ndi zazing'ono koma zotopetsa. Nseru ndi kusanza zimagwira pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse ngati sitinapereke zoteteza, ndipo zimakonda azimayi, osasuta fodya, amene amasanza m'galimoto kapena anasanzapo pa opareshoni ina, ndi amene alandira opha ululu amphamvu ngati morphine. Inu mwina muli nazo kale ziwiri kapena zitatu pamenepa nde pemphani akupatseni oteteza nseru muli chigonere, alipo ngati ondansetron ndi dexamethasone. Pakhosi pamakanda tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha chubu, mawu amasasa. Mkodzo umatha kuvuta kutuluka, kudzimbidwa nakonso kumabwera ndi morphine yemweyo. Ngati muli ndi dzino logwedera kapena mano oikirira nenani, chipangizo choonera pakhosi chimadutsa pafupi ndi mano akutsogolo.

Tibwere kwa bambo anu. Zimene mwafotokozazo, kusazindikira anthu, kuzula dilipi, kuipiraipira usiku kenako nkubwerera pakatha masiku, achipatala timati delirium, ndi kubalalika mutu kwa kanthawi kumene kumagwira kwambiri okalamba makamaka othyoka fupa la m'chiuno. Achibale amaloza mankhwala ogonetsa, koma taonani izi, mu 2021 kunatuluka kafukufuku wa ku America ndi Canada wa anthu okwana 1,600 othyoka m'chiuno, theka anawagonetsa thupi lonse theka anawabaya pamsana ali maso, ndipo obalalika mutu anali pafupifupi ofanana mbali zonse, mmodzi pa asanu alionse. Kusonyeza kuti ubongo wokalamba umagwedezeka ndi zonse pamodzi, kuvulala, ululu, kuchepa kwa magazi ndi madzi, matenda a m'chikhodzodzo kapena m'mapapo, kusagona, malo achilendo, kulandidwa magalasi a maso. Kwa amene amamwa mowa tsiku ndi tsiku kusiya mwadzidzidzi kumabweretsanso zomwezo patsiku lachiwiri kapena lachitatu. Pa zaka 43 chiopsezo chanu chili kutali ndi chawo. Kumva mutu uli zii, kuiwala timawu, kulephera kuwerenga nthawi yaitali kwa masiku angapo kapena masabata ochepa, zimenezo zimachitika ndipo zimatha. Okalamba ena zimawatengera miyezi, makamaka amene anali atayamba kale kuiwala asanadwale.

Tsopano azakhali. Imfa zambiri za pa tebulo zimene achibale amauzidwa kuti ndi mankhwala zimakhala kutaya magazi, mtima, matenda amene anafika kale patali kapena kutsamwa kuja, kungoti kunena kuti sanadzuke ndi kosavuta. Komabe sindikufuna muzitaye, chifukwa pali mavuto awiri akumtundu amene amabisala mpaka tsiku logonetsedwa. Loyamba ndi malignant hyperthermia, munthu akapuma magasi aja kapena kulandira ofoola minofu otchedwa suxamethonium minofu yake imauma gwa, mtima umathamanga, thupi limatentha modetsa nkhawa. Linadziwika mu 1960 ku Melbourne pamene mnyamata wothyoka mwendo anauza madokotala kuti akuopa kugonetsedwa chifukwa abale ake 10 anafera pa zomwezo, dokotala Michael Denborough nkufufuza banja lonse. Mwaona, anapulumuka chifukwa anayankhula ndipo anthu anali tcheru. Kholo likakhala nalo mwana aliyense ali ndi theka la mpata wotengera, ndipo kuti bambo anu anagonetsedwapo osaona vutoli sikutsimikiza kuti m'banjamo mulibe, pena limadumpha ulendo woyamba. Mankhwala ake alipo, dantrolene, koma chabwino koposa ndi kupewa, timangosiya gasi ndi suxamethonium nkugwiritsa ntchito propofol kapena jakisoni wa pamsana. Lachiwiri ndi la anthu amene magazi awo amachedwa kuphwanya suxamethonium, mankhwala a maminiti asanu amawagwira maola, nde amangofunika kukhala pa mashini opumira mpaka atatha. Ntchito yanu sabata ino ndi kufunsa akuluakulu a m'banja, azakhali ankapangidwa opareshoni yanji, anali odwalika bwanji, anamwalira pa tebulo pomwepo kapena patapita masiku, panamveka zoti thupi linatentha kwambiri, ndipo alipo wina m'banjamo amene zinamuchitikirapo kapena anachedwa kudzuka. Zimene mupeze, olo zikhale zochepa, mukamuuze wogonetsa tsiku la opareshoni lisanafike, osati m'mawa wake.

Mkonono uja amuna anu akudandaula nawo ndi nkhani yachipatala. Afunseni ngati pena mumasiya kupuma kenako nkudzidzimuka ngati mukutsamwa, ndipo dzifunseni nokha ngati mumadzuka mutu ukupweteka kapena kuwodzera masana. Kunenepa, BP ndi mkonono wotero zikakumana nthawi zambiri ndi matenda otsekeka mpweya m'tulo, ndipo anthu otere chubu chimatha kuvuta kulowetsa, okosijeni amawathera msanga, komanso morphine amawagwetsa mpweya usiku woyamba. Tikadziwiratu timakonza zipangizo zina, timakugonekani mutu uli m'mwamba, timachepetsa morphine nkuonjezera opha ululu a mtundu wina, ndipo timakusungani pamalo oti diso lizikuonani. Mapilitsi a BP musasiye nokha ndipo musamwe mwachizolowezi chabe, pitani nawo m'mapaketi ake akawaone. Ena ngati atenolol ndi amlodipine timafuna mumwe ndi m'mawa wa opareshoni womwe ndi kamadzi pang'ono, ena ngati enalapril kapena losartan madokotala ambiri amati mudumphe tsikulo chifukwa amagwetsa BP mopitirira mukagona. Zotupa za m'chiberekero zimakonda kutayitsa magazi ambiri kumwezi nde akuyezeni magazi panopa, ngati ndi ochepa pali nthawi yowakweza ndi mankhwala a ayironi. Mukanenenso za aspirin kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, mapilitsi olera, mankhwala azitsamba aliwonse, mowa, fodya, ndi chilichonse chimene chinakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani. Ife sitili pamenepo kuti tikuweruzeni, womwa mowa kwambiri amafuna muyezo wina basi. Ndipo mukadzuka ndi chifuwa, chimfine chachikulu kapena thupi litatentha kutatsala masiku ochepa, imbani foni, kusuntha tsiku kuli bwino kusiyana ndi kugonetsa mapapo odwala.

Mutha kufunsanso ngati yanuyi ingatheke ndi jakisoni wa pamsana, uja amapha kuyambira pamimba kutsika inu muli maso. Ndi njira yakale, August Bier anaiyamba ku Germany mu 1898, ndipo ubwino wake mumapuma nokha, nseru imachepa, ululu wa maola oyamba kulibe. Koma imagwira maola awiri kapena atatu basi, nde ngati zotupazo ndi zazikulu, zakwera pamwamba, kapena akufuna kupanga ndi kamera kudzera m'timabowo, kugonetsa thupi lonse ndi kumene kumayenera. Nayonso ili ndi zake, BP imatsika, ndipo ochepa amadwala mutu umene umakula ukadzuka nkuchepa ukagona. Pena timaphatikiza zonse ziwiri. Ine ndikanakhala inu ndikanafunsa chifukwa chimene asankhira njira imeneyi, yankho likamveka nkuvomera.

Mukatuluka, maola 24 oyamba musayendetse galimoto, musamwe mowa, musasaine mapepala ofunika ndipo pakhale munthu wamkulu pafupi, chifukwa mumadziona ngati muli bwino pamene mutu ukadali wochedwa. Yambani kuyenda msanga mmene akulolerani, pumani mokoka mpweya kangapo pa ola olo bala likukoka, gwirani pilo pamimba potsokomola, zimenezi ndi zimene zimatsegula mapapo ndi kuletsa magazi kuundana m'miyendo. Bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku olo masana, mukaona kubanika kapena kupweteka pachifuwa, katumba wa mwendo umodzi atatupa ndi kuwawa, thupi kutentha, kusanza kosalekeza koti olo madzi sakukhazikika, mkodzo osatuluka kwa maola 8 chikhodzodzo chili chodzaza, mkodzo wakuda ngati wamagazi pamodzi ndi kuwawa kwa minofu, maso achikasu, dzanzi kapena kufooka kwa mkono kapena mwendo kumene sikukusintha, kapena bala likutuluka magazi kapena mafinya. Amuna anu muwauzenso mbali yawo, akaona mukuvuta kudzutsa, mukupuma motalikitsa kwambiri, milomo yasintha mtundu kapena mukuyankhula zosagwirizana, asadikire kuti kuche ndipo asakupatseninso pilitsi lina la ululu. Mawu akakhala osasa kupitirira masabata awiri, kapena kuiwala kukapitirira mwezi osachepa, kaonaneni ndi adokotala ngakhale si zothamangira.

Za tulo timene mukusowati, pemphani kuti muonane ndi wogonetsa wanu sabata ino kapena yamawa, mutenge mapaketi a mapilitsi anu ndi zimene mwamva za azakhali mutazilemba papepala, ndipo amuna anu apite nawo, za mkonono amene angafotokoze bwino ndi iwowo.